Kalata yotseguka: nyimbo ija si ya makolo, mwini wake ali moyo ku Linga

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, akuluakulu a mabungwe a zaluso ndi umwini wa nyimbo, eni nyumba zoulutsira mawu, mafumu ndi atsogoleri a boma lathu la Nkhotakota,

Ndagwada, ndawomba m'manja. Landirani moni wochokera kuno ku Linga, kumene mwera wayamba kale ndipo usipa wakwera mtengo. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito imene mwasenzayo. Ine ndine mphunzitsi wopuma, za ndale sindizidziwa, ndipo chibadwire sindinalembepo kalata yotere. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ndikulemba za azakhali anga, alongo awo a malemu bambo. Akhala akuimba ndi kuchita zisudzo m'boma lino kwa zaka 48, kuyambira 1971 mpaka 2019 pamene maondo ndi maso zinawakaniza. Dzina lawo sinditchula, ndipo musaganize kuti pali chimene ndikubisa. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, usakandiike pa mafoni anuwo ngati ndikupempha mchere. Wofuna dzina langa abwere adzandifunse, pakhomo pano sipanasamuke." Ndawamvera. Komabe aliyense wa kuno amene anakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 wadziwa kale amene ndikunena. Mukatsika minibasi n'kufunsa amayi ogulitsa mpunga kuti kwa amayi a zisudzo aja n'kuti, akupatsani mwana woti akuperekezeni.

Chandilembetsa ndi chimene chinachitika mwezi watha pa mwambo wina waukulu pabwalo la kuno. Panali matenti awiri, mipando ya pulasitiki, madzi a m'mabotolo ndi alendo ochokera ku Lilongwe. Azakhali anamva kuti atsikana a sukulu avina chiwoda, ndiye anati ndiwaperekeze. Anavala chitenje chawo chapamtima ndi duku, tinakwera kabaza aliyense wake. Titafika, mnyamata wina wovala baji anatiuza, mwaulemu ndithu, kuti mipando ndi ya oitanidwa okha. Mwanayo sindikumuda. Anachita zimene anamutuma, ndipo anali asanabadwe pamene mayi amene ankawabwezawo ankadzaza holo mpaka ena kuonera pawindo. Tinapita pansi pa mtengo wa mango, iwo anakhala pa muzu, ine chilili.

Ng'oma zitalira atsikana analowa m'bwalo, ndipo woyambitsa nyimbo atangotsegula pakamwa ndinachita tsemwe thupi lonse. Inali nyimbo ya azakhali, ija ya mwera. Bwalo lonse linavomera, nthungululu zinamveka, mlendo wolemekezeka anadzuka kukafupa. Atamaliza, wotsogolera mwambo anatenga chimkuzamawu n'kulengeza kuti imeneyo ndi nyimbo ya makolo athu, yakalekale, woipeka sadziwika, ndipo tiyeni tizisunga chikhalidwe chathu. Anthu anawomba m'manja. Ndinatembenuka kuyang'ana azakhali. Phazi lawo linali likugundabe pansi motsatira ng'oma imene inali itasiya kale. Anangoti, "Ndime yachitatu aisiya. Komanso akuthamanga nayo, imeneyi si ya ukwati." Sanayankhulenso mpaka tinafika kunyumba.

Olemekezeka, woipeka nyimbo imeneyo amadziwika, ndipo tsiku limenelo anali pa muzu wa mango, mapazi 30 okha kuchokera pa tenti yanu. Ndikudziwa chifukwa ndinalipo. Mu Julayi 1978 mwera unagudubuza bwato la abambo anga aang'ono kuseri kwa Sungu akuchokera ku usipa, ndipo mtembo unapezeka patapita masiku atatu. Ine ndinali ndi zaka 13. Pamaliro azakhali sanaimbe, mawu anali atawathera. Nyimboyo inatuluka patatha masabata angapo, ali pamtondo akusinja chinangwa cha kondowole, munsi ukugunda m'malo mwa ng'oma. N'chifukwa chake siyenera kuthamangitsidwa, kugunda kwake ndi kwa munsi wa munthu wotopa ndi kulira. Ndime yachitatu ija, imene atsikana anaisiya, ndi imene imatchula dzina la malemuwo. Atsikanawo sanalakwe. Anaiphunzira yoduka kale, chifukwa palibe anawauza kuti mwini wake amakhala pafupi ndi sukulu yawo.

Wina anena kuti bambo uyu akukulitsa nkhani, wotsogolera mwambo anangoterereka lilime. Ndikanavomera zikanakhala kuti mawuwo alibe mano. Koma lamulo la umwini wa zaluso la 2016, monganso la 1989 limene linalipo poyamba, limaika nyimbo, magule ndi nthano za makolo m'manja mwa Boma, kuti lizisunga m'malo mwa mtundu wonse. Ndi lamulo labwino, limateteza zinthu ngati Gule Wamkulu kwa anthu ofuna kulemererapo. Vuto lili apa: nyimbo ikangotchedwa ya makolo, n'kulembedwa choncho m'kaundula, pa pulogalamu ya mwambo kapena pa wailesi, yachoka m'manja mwa mwini wake iye akupumabe. Ya woimba wa m'tauni imatchedwa nyimbo ya uje. Ya mayi wa kumudzi imasanduka ya makolo iye asanafe n'komwe. Kodi makolowo analibe maina?

Ndiloleni ndikuuzeni kumene mayi ameneyu wadutsa, kuti muone ngati mpando umodzi wa pulasitiki unali wochuluka.

Anayambira m'kwaya ya kutchalitchi ali kamtsikana. Mu 1971 amayi a chiwoda a kuno anawasankha kukhala woyambitsa nyimbo. Masiku amenewo kuvina sikunali kofuna mwini. Ngwazi ikamayendera mbewu, kapena chikondwerero cha pa 6 Julayi chikayandikira, amayi ankakwezedwa pa malole mpaka ku Blantyre, kukagona m'makalasi masabata angapo akuyeserera, ana atasiyira anansi, mpunga uli m'dambo mbalame zikudya. Za nthawi imeneyo aliyense ali ndi maganizo ake ndipo sindikufuna kuzifukula. Ndikungonena kuti dziko litafuna mawu awo linkadziwa khomo lawo, linkafika ndi lole usiku.

Cha mu 1983 kunabwera galimoto ya ojambula mawu, ndi makina a matepi aakulu ozungulira aja. Anawajambula nyimbo 6 pansi pa mtengo, ya mwera ili pomwepo. Patapita miyezi tinazimva pa wailesi ya amalume, mudzi wonse utazungulira, ndipo muulutsi anati, "Amenewo anali amayi a ku Nkhotakota." Tinasangalala kwambiri, sitinaone cholakwika. Ndi mmene zinkachitikira.

Zisudzo anayamba mu 1984, ndipo apa ndi pamene ndimafuna mukhalepo pang'ono. Tonse tinkamvera masewero a Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi, tinkamva mbiri ya a Kwathu ku Blantyre, ndipo mu 1987 Du Chisiza Jr. anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata. Kuno kunalibe zonsezo. Kunali aphunzitsi awiri, telala, kalaliki wina ndi azakhali, mkazi yekha pagulupo kwa zaka zisanu. Mkazi wokwera pasiteji masiku amenewo ankatchulidwa maina amene sindingalembe pano. Akakhala mkazi wa munthu wina m'sewero, mawa lake nkhani inali pachitsime. Banja lawo linatha chifukwa cha zimenezi, ankhoswe atakhalirapo katatu. Anauzidwa kuti asankhe, ndipo anasankha.

Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero loonetsa pagulu liyambe launikidwa ndi kupatsidwa chilolezo. Koma gulu lathu silinkalemba masewero, linkangogwirizana mutu n'kumaluka pomwepo. Ndiye ine, nditangomaliza Fomu 4, ndinapatsidwa ntchito yolemba m'kope zimene ankayenera kunena, kuti tikhale ndi chosonyeza. Pasiteji azakhali ankanena zawo. Ndinkakhala kumbuyo ndi kope langa thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana ngati pali wina wachilendo amene sakuseka.

Tsiku lina amene ankayenera kukhala bambo wa pakhomo m'sewero sanabwere, anali atagonja ku kachasu. Holo itadzaza, ndalama za pakhomo titatolera kale. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza, ndipo linachotsedwa mu 1993, choncho za thalauza sitikanayerekeza. Azakhali anabwereka mkanjo ndi kofia kwa telala uja, anamata ndevu za khonje lodetsedwa ndi makala, n'kulowa akutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Agogo anga, amayi awo owabereka, anakhala kutsogolo ndipo pobwerera ankafunsa kuti bambo wamwano uja ndi wa kwa yani.

Sewero limene anthu amawakumbukira nalo kwambiri ndi la mkazi wamasiye wolandidwa katundu. Analionetsa ku Benga, ku Chia, ku Dwangwa, kulikonse kumene lole ya munthu wachifundo inkatifikitsa. Ku Mwansambo, pamene achibale a mwamuna m'seweromo ankanyamula makina osokera, azakhali sanalire mokuwa monga tinazolowera. Anakhala pansi, anavula duku, n'kuyamba kuimba chapansipansi. Gogo wina pagulu la oonera anadzuka ndi chikuni m'manja, analowa m'bwalo n'kuyamba kuthamangitsa mphunzitsi amene ananyamula makinawo, akukuwa kuti, "Tula pansi, sunasokepo ndi kamodzi komwe iwe!" Sewero linathera pomwepo. Mfumu ya m'mudzimo inaitanitsa anthu madzulo omwewo, ndipo tinamva kuti mayi wina weniweni amene anasasulidwa malata mwamuna wake atamwalira anabwezeredwa. Lamulo latsopano la chuma cha masiye linabwera mu 2011. Azakhali anali atayenda nayo nkhaniyi m'midzi zaka zoposa 20.

Edzi inadziwika m'dziko muno mu 1985, koma kwa zaka zambiri anthu sankaitchula, ankangoti kaliwondewonde kapena matenda a boma. Atafunika munthu woti akhale wodwala m'sewero, onse anakana kupatula iwo. Anachita bwino mopitirira, moti kwa miyezi ingapo anthu anasiya kugula mandasi awo pamsika, ati mayi uja ali nako. Anabwerera ndi beseni lodzaza kangapo, ife ana n'kumadya mandasi m'mawa, masana ndi madzulo. Sanasiye. Kolera ikabuka m'mbali mwa nyanja, ankaitanidwa. Katemera, kulera, zimbudzi, kuteteza nsomba zoswana, ankaitanidwa. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zitayandikira, ndi iwo amene ankaonetsa agogo a m'midzi kavotedwe, chifukwa papepala sankamva koma pasewero ankamva.

Malipiro ake? Tisheti, chitenje cholembedwa uthenga, Fanta ndi banzi. Obwera pa galimoto ankasainira alawansi, n'kukalemba m'malipoti awo kuti anthu ambirimbiri afikiridwa ndi uthenga. Amene anawafikirawo ankabwerera wapansi. M'nyumba mwa azakhali muli matisheti okwana kuveka timu ya mpira ndi ochemerera ake, koma mulibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti anagwirapo ntchito ya dziko lino.

Chachiwiri chimene chikutiwawa ndi holo. Holo imene ankachitiramo zisudzo ilipobe, koma siteji anaigumula ndipo mbali ina mwadzaza matumba. Yotsalayo amabwereketsa a maukwati pa mtengo umene gulu la achinyamata silingaufike. Ana a zisudzo a lero akuyeserera kuseri kwa makalasi ndi pamchenga. Nkhaniyi si yathu yokha. French Cultural Centre ya ku Blantyre, kumene kunakulira akatswiri ambiri a zisudzo, inatsekedwa mu 2011, Boma linaigula n'kuitcha Blantyre Cultural Centre, ndipo inakhala zaka ili yowonongeka. Ngati ya mumzinda inatero, ife a kunyanja tinadziwiratu kuti yathu palibe adzaifunse.

Chachitatu ndi ndalama za nyimbo. Mu 1996 azakhali anagulitsa mbuzi ziwiri n'kukajambula kaseti. Wamalonda wina wa m'tauni anaigula kamodzi n'kamodzi, ndalama yake inathera pa thiransipoti ndi fizi ya mwana. Lero nyimbo zomwezo zili pa ma memory card, anyamata obena nyimbo pamsika amaziika m'mafoni a anthu pa dzina loti "Chiwoda Nkhotakota". Ndikudziwa kuti COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, yakhalapo kuyambira 1992, ndipo ndikudziwa kuti tsopano pali msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni, umene umagawidwa kwa eni luso olembetsa. Ndi chinthu chabwino, ndipo oimba ambiri apumirapo. Koma azakhali sanalembetse. Apa ifenso achibale tili ndi mlandu, ine woyamba, amene ndinapita kusukulu. Tinkaganiza kuti zimenezo ndi za oimba a magitala. Titazindikira, panali ulendo wopita ku Lilongwe wa makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Salima, pa msewu wa M5 umene mukuudziwa, ndi munthu wa BP amene diso limodzi lachita ng'ala. Ndipo ngakhale titafika, tikasonyeza chiyani kuti nyimbo ya mwera ndi yawo, pamene ku mwambo kwalengezedwa kale kuti woipeka sadziwika?

Umboni tinali nawo. Munali m'bokosi lachitsulo limene mwana wawo ankasunga ku Dwangwa: makope anga 14 a masewero, zithunzi, makaseti, ndevu za khonje zija. Madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024 anadutsa m'nyumbamo. Makope anasanduka phala. Tinapulumutsa makaseti awiri, imodzi wailesi inaitafuna titangoyesa kuiliza. Yotsalayo ndaikulunga m'pulasitiki ndipo ndikuopa kuikhudza. Zimandipweteka kuganiza kuti Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo, zake zikusungidwabe bwinobwino ku South Africa, zambiri zili ndi dzina la woimba ndi dera lake. Mlendo anafunsa dzina. Ife eni dziko tinangoti amayi a ku Nkhotakota.

Sindikunena kuti azakhali ndi oposa onse, ndipo iwo akanandikalipira ndikanatero. M'boma lino muli ena: oimba malipenga, amayi a chisamba, oliza bangwe, anamkungwi odziwa nyimbo zimene sizinalembedwepo. Ku Salima aliponso. Ngakhale otchuka amene dziko lonse linkawadziwa, ulemu wawo waukulu tinauona pa maliro. Gertrude Kamkwatira, amene anasenza Wakhumbata Du Chisiza atamwalira mu 1999, anatisiya mu 2006. Maria Chidzanja Nkhoma, woimba, wa zisudzo komanso muulutsi, anapita mu Januwale 2021, ndipo chaka chomwecho tinaika Eric Mabedi. Nthawi zonse timamva mawu omwewo, akuti dziko lataya chipilala, akuti mpata wake sudzatsekeka, nkhata zamaluwa mbwee. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, n'zoona, koma kodi ndi lamulo kuti tizidikira chiphwe? Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, ndipo dziko linamukumbukiranso mwamphamvu mu 2020, ali ndi zaka 90, Patience Namadingo atakhala naye pansi n'kuimba naye. Zinatengera woimba mnzake kupita kwawo. Akanachedwa zaka zingapo bwenzi tikunena zina.

Ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, ndipo mu 2024 aphungu anavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la zaluso ndi chikhalidwe la NAHEC, limene aluso analilirira zaka zambiri. Tikuyamika. Mantha athu ndi akuti zonsezi zithera m'mizinda ikuluikulu yokha. Nthambi ya zachikhalidwe payokha yakhala ngati mwana wamasiye woleredwa mosinthana, chaka chino ku zokopa alendo, china ku zamasewera, china ku maboma aang'ono, ndipo aliyense womulandira amayamba n'kufunsa kuti mwanayu amadya chiyani.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Nyimbo ikamaimbidwa pa mwambo wa boma, wa sukulu kapena pa wailesi, okonza ayambe afunsa mafumu ndi akuluakulu a deralo ngati woipeka akudziwika. Akadziwika, dzina litchulidwe pa chimkuzamawu chomwecho. Ndipo ngati ali moyo, aitanidwe, apatsidwe mpando. Pempho limeneli silifuna bajeti.

2. Pakhale kaundula wa oimba, opeka nyimbo ndi ochita zisudzo achikulire wa boma lino, wolembedwa poyenda mudzi ndi mudzi, kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama, kwa Mphonde, kwa Kanyenda, kwa Mwansambo, kwa Kafuzira. Olembetsa umwini wa nyimbo azibwera kuno ngakhale kamodzi pachaka, monga amachitira a zitupa za unzika. Ambiri mwa anthuwa salemba, choncho umboni wa pakamwa wa mfumu ndi anzawo oimba nawo ulandiridwe, chidindo cha chala chikwanire.

3. Matepi akale amene anajambulidwa m'maboma atulutsidwe kumene akusungidwa. Bweretsani a ku Nkhotakota kuno, aikidwe pa wailesi yathu ya m'dera, anthu aziimba foni kunena kuti mawu awo ndi a uje, ng'oma iyo ankaliza ndi uje. M'mwezi umodzi mudzapeza maina amene ofesi singawapeze m'zaka 10, chifukwa ana ndi adzukulu a oimbawo ali pompano ndipo mawu a mayi ako suwaiwala. Mainawo alembedwe pa matepiwo, ndipo banja lililonse lipatsidwe nyimbo zake. Koma fulumirani, odziwa mawuwo nawonso akutha.

4. Siteji ya m'holo imangidwenso, matumba apezeredwe malo ena, ndipo masiku angapo pamwezi holoyo izikhala ya magulu a zisudzo ndi ana a sukulu popanda kulipira.

5. Ofesi kapena bungwe lililonse lofuna kufalitsa uthenga kudzera m'zisudzo lizisainirana ndi gululo, malipiro alembedwe, ndipo ochita seweroli apatsidwe kalata yosonyeza ntchito imene agwira. Tisheti ikhale mphatso, isakhale malipiro. Achinyamata amene akuchita zisudzo lero asadzafike zaka 75 ali ndi thumba la matisheti.

6. Pa thumba lililonse la zaluso limene lakhazikitsidwa kapena likubwera, pakhale gawo la aluso okalamba a m'maboma, makamaka la chipatala. Sindikupempha malipiro a nduna. Ndikunena za mankhwala a BP akasowa, ndi ulendo wokachotsa ng'ala.

7. Ana athu a pulayimale amaphunzira Expressive Arts, phunziro la zaluso, kawirikawiri kwa mphunzitsi amene sanagwirepo ng'oma. Ndikudziwa, ndinali mmodzi wa iwo. Lolani akuluakuluwa azilowa m'kalasi, ndipo azilandira kangachepe. Nanunso okonza zisangalalo zikuluzikulu za m'mbali mwa nyanja, monga Sand Music Festival ndi Lake of Stars imene inafika m'boma lino mu 2024, sindikukudandaulani, mumatibweretsera alendo ndi malonda. Ndikungopempha ola limodzi la masana la eni mchengawo.

Kwa inu abale amene mukuwerenga kalatayi pa Facebook kapena pa WhatsApp, itumizeni kwa khansala wanu ndi phungu wanu. Ndipo ngati kwanu kuli gogo wotere, musadikire Lilongwe monga ndinachitira ine. Foni muli nayo m'manjamo. Mujambuleni, ndipo ayambe watchula dzina lake, mudzi wake ndi chaka chimene anapeka nyimboyo.

Ine ndayamba. Azakhali akuti m'mutu mwawo muli nyimbo zoposa 40, ndipo tajambula 11. Sabata yatha anaima pakati pa ina, anayang'ana kunyanja nthawi yaitali, n'kunena kuti ndime yotsatira yawathawa, mwina ibwera mawa. Sinabwerebe. Atsikana a chiwoda aja ndinawapeza, ndipo aphunzitsi awo avomera kubwera nawo Loweruka kudzaphunzira ndime yachitatu.

Olemekezeka, ngati mungatume munthu, abwere m'mawa. Mawu awo amatseguka akamwa tiyi, ikamakwana 11 koloko chifuwa chimayamba. Asavutike ndi kunyamula mpando, pakhonde pali mkeka. Abwere ndi cholembera, chifukwa dzina lija anena okha.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa alongo awo,
Linga, Nkhotakota